Mwana Wosamukasamuka ndi Nyumba Imene Imamlandira



Parishi ikakwanitsa zaka 100, anthu amakonda kuŵerenga zinthu zooneka ndi maso: matchalitchi amene adamangidwa, sukulu zimene zidatsekulidwa, ndi maina a ansembe amene adagwira ntchito mpaka kugona m'manda a pa misyoni. Nkoyenera ndithu kutero. Koma m'mabuku a ubatizo muli maina enanso amene satchulidwa pa chikondwerero: maina a ana amene pambali pa dzina la bambo kapena la mai padalembedwa kamtanda, ndi ena amene malo a dzina la kholo adangotsala osalembedwa kanthu. Ambiri mwa ana otere adaleredwa ndi abale ao, monga mwa mwambo. Ena oŵerengeka adafika m'nyumba zolerera ana, za asisteri, za ansembe, za boma kapena za mabungwe. Mau a lero ndi onena za oŵerengekawo, makamaka a m'dera la pakati pa Moatize ndi Zóbuè, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi mwana amene wakula nkusamukasamuka, chaka chino kwa agogo, chaka chamaŵa kwa amalume, kenaka m'msasa wa othaŵa nkhondo, chimene chimakhazika mtima wake pansi akaloŵa m'nyumba yotere nchiyani?

Munthu woyenda pa mseu wochokera mu mzinda wa Tete, kuoloka mtsinje wa Revúbuè, kupyola Moatize, nkukwera zitunda mpaka kukafika ku Zóbuè pa malire a Mwanza, amayenda mtunda wa makilomita ngati 120. Kumunsi kuli kutentha, milambe ndi fumbi la malasha, ndipo anthu ambiri amalankhula Chinyungwe. Kumtunda kuli mphepo yozizira, mbatata ya kachewere ndi Chicheŵa. M'mbali mwa mseu umenewu mibadwo itatu yotsatizana yakula katundu ali pamutu.

Nkhondo yomenyera ufulu idaloŵa m'chigawo cha Tete m'chaka cha 1968, ndipo patapita zaka zoŵerengeka boma la Apwitikizi lidayamba kusonkhanitsa anthu mokakamiza m'midzi yotchedwa aldeamento, kutali ndi minda yao ndi manda a makolo ao. Ena adathaŵira m'thengo, ena ku Malaŵi. Ufulu utabwera mu 1975, anthu asanapume nkomwe, migodi ya malasha ya Chipanga ku Moatize idaphulika kaŵiri, mu September 1976 ndi mu August 1977, ndipo pa ngozi ziŵirizo padafa amuna oposa 150. Pakhomo padatsala akazi amasiye ndi ana amene ankadya za malipiro a ku mgodi.

Koma nkhondo ya pachiŵeniŵeni ndiyo idamwaza ana koposa zonse. M'zaka za m'ma 1980 magalimoto sankayenda okhaokha pa mseu wa Tete. Ankadikirana nkuyenda pa mdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, kuchokera ku Nyamapanda mpaka ku Zóbuè. Kuyambira 1986 anthu adakhamukira ku Malaŵi mwaunyinji, kotero kuti pofika 1992 othaŵa nkhondo m'dzikomo adaposa 1,000,000, ndipo ena mwa iwo adakhala m'misasa ya Chifunga ndi Luwani, m'boma la Mwanza la nthaŵi imeneyo. Pothaŵa usiku, mai amabereka wamng'ono, nkugwira dzanja la wina. Wachitatu amangotsata phazi la amene ali patsogolo, ndipo kukacha amapezeka ali pakati pa anthu achilendo. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, anthu nkuyamba kubwerera. Koma kwa mwana wobadwira m'msasa, kubwererako kudali kusamuka kwinanso: adapita "kwao" kumene sadakuonepo, nkuloŵa sukulu ya Chipwitikizi atazoloŵera kale sukulu ya ku Malaŵi.

Pambuyo pake padabwera Edzi, imene idatsata mseu womwewo pamodzi ndi magalimoto a katundu, nkusiyira agogo adzukulu ochuluka kuposa nkhokwe zao. Kenaka malasha adadzukanso. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale idasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe pamene padali midzi yao. Ena adapita ku Cateme, ena ku malo otchedwa 25 de Setembro, ndipo mu January 2012 a ku Cateme adatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zitaliranso cha ku Nkondezi, anthu oposa 10,000 adaolokera ku Kapise m'boma la Mwanza, ambiri mwa iwo amai ndi ana, mpaka msasa wa Luwani udatsekulidwanso. Motero nzotheka kupeza banja limene agogo adakulira mu aldeamento, mai ku Chifunga, mdzukulu ku Kapise.

Mwambo wa makolo sudziŵa mwana wopanda mwini. Kwa Acheŵa mwana ngwa mbumba ya mai ake, ndipo mwini mbumba, amene ali amalume, ndiye woyankha za iye. Kwa Anyungwe mwana amatsata kuchimuna. Njira ziŵiri zonsezi nzabwino, ndipo zalera ana amasiye ambiri kuposa nyumba zonse za misyoni kuziphatikiza pamodzi. Koma mgodi, njanji ndi msasa zidakwatitsa anthu a miyambo yosiyana. Bambo akakhala Mcheŵa, mai Mnyungwe, onse aŵiri nkumwalira, akuchimuna angathe kunena kuti mwana ngwa kuchikazi, akuchikazi nkunena kuti ngwa kuchimuna, ndipo mbali iliyonse ikulankhula zoona monga mwa mwambo wake. Ngakhale pamene palibe mkangano wotere, umphaŵi umachita zomwezo. Mwana amakhala kwa azakhali mpaka nkhokwe itapepuka mu December, apo amatumizidwa kwa amalume ku tauni. Ntchito ya amalume ikatha, amamkweza galimoto kupita kwa agogo. Palibe amene adamuda, palibe amene adampirikitsa ndi ndodo. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo aliyense adayesadi kutero kwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Koma mwana amene waleredwa ndi onse kwa miyezi isanu isanu amagwira phunziro limodzi lokha, lakuti paliponse pamene wagona mpongoyembekezera.

Amene adagwirapo ntchito m'nyumba za ana amadziŵa maonekedwe a mwana wotere pa masabata ake oyamba. Amadya mothamanga, maso ali ku mbale ya mnzake, nkubisa mtanda wa nsima pansi pa mphasa ngakhale wakhuta. Amagona osavula, atatsamira kathumba kake. Wina amakodza pogona ngakhale ali ndi zaka 12. Wina ngwaulemu wodabwitsa, amagwada, amaseka ndi mlendo aliyense, amakhala pa miyendo pa munthu amene wamuona lero lomwe. Alendo amamuyamika kuti ngwochezeka, osadziŵa kuti mwana wothamangira aliyense chotero ndiye kuti alibe wakewake womthamangira. Ndipo chovuta kumvetsa nchakuti mavuto enieni amayamba pamene mwana wayamba kuzoloŵera. Mlezi akamaganiza kuti zinthu zayamba kuyenda, apo mpamene mwana amaba, amanama bodza loonekeratu, amaswa mbale dala, amathaŵa nkukapezeka pa msika. Ambiri amati nkusayamika. Koma kaŵirikaŵiri mwanayo akufunsa funso limene sangathe kulinena ndi pakamwa: kodi ndikalakwa kufika pati mpamene nanunso mudzandimangire katundu? Akufuna kudziŵa tsiku lochoka lisanamdzidzimutse, ndipo ngati nkotheka, kulisankha yekha.

Njerwa ndi malata sizingayankhe funso limeneli, pakuti mbiri ya dera lino ikuonetsa kuti nyumba nazonso zimasamuka, ngakhale makoma ataima pomwepo. Ku Zóbuè kudali seminale yaing'ono imene idatsekulidwa m'nthaŵi ya Ambuye Sebastião Soares de Resende, Episkopi woyamba wa Beira, dayosizi ya Tete isanakhazikitsidwe mu 1962, ndipo idayamba m'manja mwa ansembe a chipani cha White Fathers. Sidali nyumba ya ana amasiye ai, koma anyamata ochokera kutali ankakuliramo, ndipo mmodzi wa iwo adali Jaime Gonçalves, amene pambuyo pake, ali Arkiepiskopi wa Beira, adakhala mmodzi wa amkhalapakati pa zokambirana za mtendere ku Roma. Mu 1971 a White Fathers adachoka m'Mozambique monse posafuna kukhala chete pa zimene boma la atsamunda linkachita. Pa 24 July 1975 boma latsopano lidatenga sukulu ndi zipatala zonse, za misyoni zomwe, pamodzi ndi nyumba zogonamo ana a sukulu. Akulu adali ndi zifukwa zao, ndipo odziŵa mbiri adzapitiriza kuziweruza. Koma mwana wa m'nyumba za misyoni m'zaka zimenezo adaona chinthu chimodzi: adadzuka m'maŵa, belu lili lomwelo, khonde lili lomwelo, koma amene ankamdziŵa dzina atachoka.

Nyumba zimene zidadza pambuyo zidayesa njira ina. Mudzi wa ana wa SOS mu mzinda wa Tete udatsekulidwa mu 1987, nkhondo ili mkati, ndipo udali woyamba wa mtundu wake m'Mozambique. M'malo mwa chipinda chimodzi chachitali chodzaza ndi mabedi, ana adagaŵidwa m'tinyumba, kanyumba kalikonse ndi mai wake, ndipo ana a mimba imodzi sankalekanitsidwa. Kumtunda kwa Zóbuè, ku misyoni ya Fonte Boa m'boma la Tsangano, Ajezuiti adamanga tinyumba ta ana amasiye m'midzi momwemo, kuti mwana asachoke pakati pa anthu a chinenero chake. Ngakhale kumeneko imfa idaloŵerera: pa 6 November 2006 achifwamba adapha Bambo Waldyr dos Santos ndi Idalina Gomes, mtsikana wa ku Portugal amene adadzipereka kudzagwira ntchito pa misyonipo.

Akhristu a ku Moatize, amene parishi yao ya Yohane Woyera Mbatizi idaperekedwa kwa ansembe a chipani cha Don Bosco, amaidziŵa nkhani ya chiyambi cha chipanicho. Koma kaŵirikaŵiri imakambidwa ngati nkhani ya wansembe yekha, pamene theka lake ndi la mai wina wachikulire. Don Bosco mwini wake bambo ake adamwalira iye asanakwanitse zaka ziŵiri. Atakhala wansembe mu mzinda wa Turin ku Italy, adayamba kusonkhanitsa anyamata osoŵa pogwira, obwera kuchokera kumidzi kudzafuna maganyu. Mu November 1846 mai ake, Margherita, adasiya mudzi wao ali ndi zaka 58 nkudzakhala naye ku Valdocco. Anyamata oyamba amene adagonekedwa m'chipinda chosungira udzu adathaŵa mbandakucha atatenga mabulangete. Mu May 1847, usiku wa mvula, mnyamata wamasiye wochokera ku Valsesia adagogoda pa chitseko, wonyowa, wanjala, wopanda koloŵera. Margherita, ngakhale adali ataberedwa kale, adamuyalira m'khitchini, nkumuuza mau pang'ono asanagone. Ameneyo sadathaŵe, ndipo ena adatsatira.

Chimene chiyenera kukumbukiridwa nchakuti Margherita adatopa. Anyamata posewera za nkhondo adapondaponda dimba lake la ndiwo, zovala zimene wachapa ankazigwetsera pansi, ndipo tsiku lina adauza mwana wake kuti akubwerera kumudzi. Don Bosco sadatsutsane nawo, adangowalozera mtanda umene udapachikidwa pa khoma, ndipo mai aja adabwerera ku ntchito yao. Adakhala ku Valdocco zaka 10, mpaka imfa yao pa 25 November 1856. Nyumbayo idali yothina, chakudya chake chaumphaŵi. Koma mnyamata amene adaloŵamo ali wamng'ono adafika pometa ndevu akupezabe mai yemweyo pa moto womwewo.

Zimene mai wosaphunzirayu adachita ndi mtima, ophunzira adadzazipima ndi sikelo. Ku St Petersburg m'dziko la Russia, akatswiri a kumeneko pamodzi ndi a ku Yunivesite ya Pittsburgh adafufuza m'nyumba zitatu zolerera makanda, nkufalitsa zimene adapeza mu 2008. Nyumbazo zidali zaukhondo, chakudya chokwanira, madokotala alipo. Koma chifukwa cha kusinthana kwa antchito ndi kusamutsa ana kuchoka m'chipinda china kupita m'china akamakula, khanda linkadutsa m'manja mwa alezi oposa 50 lisanakwanitse zaka ziŵiri. M'nyumba yoyamba akatswiriwo sadasinthe kanthu. M'yachiŵiri adangophunzitsa alezi. M'yachitatu adawaphunzitsa, nkuchepetsanso magulu a ana kufika pa 6 kapena 7, gulu lililonse nkulipatsa alezi aŵiri okhazikika, nkuleka kusamutsa ana. Ana a m'nyumba yachitatuyi ndiwo adapambana pa nzeru ndi pa makhalidwe, ndipo chodabwitsa nchakuti adakulanso bwino m'thupi koposa anzao, chakudya chili chomwecho. Maphunziro okha a alezi sadapindule kwenikweni. Nkhani imeneyi njoŵaŵa kwa mabungwe amene amakonda kulipira msonkhano wa masiku atatu ku hotela, koma osafuna kulipira mlezi mmodzi kwa zaka 10.

Tsono wina angafunse kuti, nanga si bwino kungotseka nyumba zonsezi? Kunena za makanda, funsoli lili ndi mphamvu. Ku Bucharest m'dziko la Romania, kafukufuku amene adayamba mu 2000 pa ana 136 adaonetsa kuti ana ochotsedwa m'nyumba zazikulu za boma nkuperekedwa kwa mabanja adakula bwino koposa otsalira, makamaka amene adachoka asanakwanitse zaka ziŵiri. Malangizo a United Nations a mu 2009 amagwirizana ndi zimenezi: mwana wosakwana zaka zitatu aleredwe m'banja, umphaŵi wokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake, ndipo kusinthasintha malo olerera mwana kupeŵedwe popeza kumamuwononga. Koma pa ana okulirapo nkhani siili chimodzimodzi. Akatswiri a ku Yunivesite ya Duke adapima ana pafupifupi 3,000 a zaka 6 mpaka 12 ku Cambodia, Ethiopia, India, Kenya ndi Tanzania, ndipo mu 2009 adalengeza kuti ana a m'nyumba zolerera sadali otsalira poyerekeza ndi amasiye okhala m'mabanja. Kusiyana kwakukulu kudali pakati pa nyumba ndi nyumba inzake, banja ndi banja linzake. Mnyamata wa zaka 11 amene abale akhala akupatsirana ngati khasu lobwereka angathe kupeza m'nyumba yolerera ana chimene sadachipeze pakhomo lililonse mwa makomo asanu amene adagonapo.

Ndiponso kugona kwa ana ambiri m'nyumba imodzi si chinthu chachilendo m'midzi ya Acheŵa. Anyamata ankagona m'mphala, atsikana m'kuka mwa agogo. M'kukamo mudalibe bedi kapena nyale, koma agogowo adali omwewo chaka ndi chaka, nthano zao zomwezo, ngakhale kukalipa kwao komweko. Nyumba imene imakhazika mtima wa mwana pansi imafanana ndi kuka koposa chipatala. Belu la m'maŵa, phala pa nthaŵi yake, sukulu, ntchito ya kudimba, kolona yamadzulo: zinthu zimene mwana wa pakhomo pa makolo ake amatopa nazo, kwa mwana wosamukasamuka ndi mankhwala, pakuti ndi nthaŵi yoyamba m'moyo wake imene angathe kunena za maŵa nkulondola. Amafunanso kanthu kakekake: bokosi lokhala ndi loko, mbale yolembedwa dzina lake, mbuzi yoti aidyetse, kapena mzere wa ndiwo umene ukafota anthu adzafunse iye. Nsima yobisa pansi pa mphasa siiletsedwa ndi chikwapu. Imaleka yokha mwana akaŵerenga masiku ambiri amene mbale idabwera osalephera.

Pamenepa mpamene chilango chimafunika nzeru. Mwana wakuba ayenera kubweza, wothaŵa ayenera kulondoledwa nkukatengedwa, ndipo onse ayenera kudzudzulidwa mosapsatira. Koma pali chilango chimodzi chimene chimaoneka chopepuka kwa akulu, pamene kwa mwana wotere ndicho cholemera kuposa zonse: kumsamutsa. Kalata imalembedwa yakuti mwanayu wakanika, akayese kwina, ndipo nyumba imapuma. Mwanayo amanyamula kathumba kaja osalira nkomwe, pakuti funso lake layankhidwa, ndipo ku nyumba yotsatira adzafulumira kulifunsa. Zoona, pali nthaŵi imene mwana mmodzi amaika anzake pa ngozi, ndipo kumchotsa sikungalephereke. Koma kaŵirikaŵiri kalata yotere imalembedwa chifukwa cha kutopa kwa akulu. Tsiku limene mwana walakwa koposa, nkudzapeza madzulo mphasa yake itayalidwa pamalo pomwepo, ndi mai yemweyo amene wamkalipira masana, ndilo tsiku limene amayamba kukhala.

Pali chinanso chimene sichiyenera kubisidwa, ngakhale pa tsiku la chikondwerero. Nyumba yotsekedwa ndi mpanda, imene mkulu wake safunsidwa ndi wina aliyense, ingasanduke malo oopsa, ndipo mwana amene alibe kothaŵira ndiye wosavuta kumchimwira. M'maiko angapo zidaululika kuti m'nyumba zina za Eklezia ana adazunzidwa ndi amene adayenera kuwasunga, ndipo mu 2021 bungwe la SOS lidapepesa poyera chifukwa cha nkhanza zimene zidachitika m'midzi yake ina m'maiko osiyanasiyana. Kukhalitsa kwa mlezi kulibe phindu ngati mleziyo ali fisi. Mwana ayenera kukhala ndi munthu wakunja amene amabwera kaŵirikaŵiri, womdziŵa dzina, amene angalankhule naye popanda wina womvetsera: wa ku ofesi ya Acção Social, mphunzitsi wake, kapena amai ake a ubatizo.

Nyumba yabwino imakonzeranso tsiku lotuluka. M'chaka cha 1988 ku Lhanguene, mu mzinda wa Maputo, kudatsekulidwa nyumba ya anyamata amene adagwidwa nkugwiritsidwa ntchito ku nkhondo. Boma ndi bungwe la Save the Children sadafune kuwasunga mpaka kalekale. Adafunafuna abale ao m'midzi nkuwabweza kwao. Neil Boothby ndi anzake adatsata anyamata 39 mwa iwo kwa zaka 16, ndipo adapeza kuti ambiri adakhala amuna odalirika, apabanja, ngakhale padalibe amene adaiŵaliratu zimene adaona. Chidawathandiza ndi kulandiridwa ndi abale ndi mudzi, miyambo yowasambitsa pobwera, ndi kuphunzira ntchito ya manja. Koma mwana amene wakhala m'nyumba zaka 10 osapondako kumudzi amatuluka ali ndi zaka 18, wodziŵa Chipwitikizi ndi kutchena, osadziŵa mfunda wake, manda a mai ake, ngakhale malire a munda umene udayenera kukhala wake. Amalume adaulima kale, kapena udagwa m'dera la mgodi, chipukutamisozi nkulandira ena. Chifukwa chake nkofunika kulemba, pa tsiku loyamba lomwelo, mudzi wa mwana, dzina la nyakwaŵa, la mwini mbumba ndi mfunda. Kumtengera cédula, chikalata cha kubadwa chimene popanda icho sukulu ndi ntchito zimavuta. Kumtumiza kumudzi pa tchuthi ndi pa maliro a abale, ndi kukamtenganso pa tsiku limene adalonjezedwa, osaphonya. Sukulu za luso la manja, monga imene a Don Bosco adatsekula ku Matundo, zimampatsa chogwira potuluka.

Chatsala ndi mlezi mwini wake. Ntchito yake ilibe Loŵeruka kapena Lamulungu. Kaŵirikaŵiri ndi mai wamasiye kapena wosakwatiwa, wokhala ndi abale akeake omdalira, ndipo malipiro ake ndi ochepa, amachedwanso thandizo la kunja likachedwa. Akachoka kukagulitsa tomato pa malire a Zóbuè palibe angamdzudzule. Koma ana a m'kanyumba kake amayambanso kugona osavula. Sikovuta kupeza wopereka ndalama za denga, pakuti denga limajambulika, ndipo pa khoma pamalembedwa dzina la woperekayo. Zimene mphakati ungathe kuchita popanda kulemba kalata ku Ulaya nzazing'ono: kulimira mlezi munda wake, kumlandira ntchito Loŵeruka limodzi pa mwezi kuti akaone kwao, kumperekeza pa maliro, kuthandiza mwana wake womubala pa za sukulu. Ndipo bungwe la parishi likamamva lipoti la nyumba ya ana kumapeto kwa chaka, pambali pa matumba a chimanga ndi mabulangete lingathe kufunsanso kuti mwa alezi amene adalipo mu January ndi angati akadalipo mu December, ndiponso kuti mwana amene wakhalitsa kuposa onse m'nyumbamo waitana anthu angati kuti amai.